Kalata yotseguka: chingwe cha tsiku la mpira chikutitsekera m'makomo mwathu

Wolemekezeka Bwana Pulezidenti wa khonsolo ya tawuni yathu,

Landirani moni wanga ndi ulemu wonse. Ine ndine mlimi wa mbatatesi kuno kumtunda kwa chigawo cha Tete, ndipo nyumba yanga ili kuseri kwa bwalo la mpira, pafupi kwambiri moti woyimbira akaliza wezulo ndimamva ndili pakhonde.

Mpira ndimaukonda, bwana. Pamene União Desportiva do Songo inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya mpira m'dziko lathu la Mozambique, mu 2017, koyamba kuti chibwere m'chigawo chathu, ndinavina pamsewu wailesi ili m'manja. Inabwerezanso mu 2018 ndi mu 2022, ndipo ana athu anaona kuti chikho si cha ku Maputo ndi ku Beira kokha. Bwalo lathu likamadzaza mtima wanga umakondwa. Dandaulo langa lili pa chingwe chimene chimamangidwa pamphambano tsiku la masewero.

Cholinga cha chingwecho ndikuchimvetsa: ana ndi amayi ogulitsa mandasi pakhomo la bwalo asagundidwe. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti ukatseka ngalande osakumba kolowera madzi, madziwo amakasefukira m'dimba la mnzako. Msewu mwatseka, poimika galimoto simunasonyeze. Ndiye machapa (maminibasi onyamula anthu) ochokera mbali za Tsangano ndi Dómuè, malole odzaza ochemerera, ndi njinga zamoto zosawerengeka, zonse zimakhotera m'tinjira ta m'bairo mwathu (dera lathu la m'tawuni muno), tinjira toti ngolo ziwiri sizingapatukirane. Amaimika pageti, pampopi, ngakhale pamene amayi ayanika ufa.

Lamlungu lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira monga mukudziwira kuno, apongozi anga aakazi inawagwira mphumu. Galimoto langa linali mumpanda, makiyi ali m'manja, koma pageti panali patapingasa lole. Mwini wake anali m'bwalo, pakati pa anthu ochuluka, ndipo panalibe woti n'kumuitana. Inu mwambo wathu mumaudziwa, mkamwini sayandikira apongozi ake wambawamba. Tsiku limenelo ndinawabereka kumsana, akazi anga akuthamanga pambuyo ndi bulangete, tikupanikizika pakati pa magalimoto mpaka kukafika kuchingwe kumene tinapeza wa njinga yamoto. Ndinkamva kupuma kwawo kukulira ngati mluzu pakhutu langa. Anachira, tikuthokoza Mulungu. Koma kuyambira tsikulo, ndikamva kuti kuli mpira, ndimatulutsiratu galimoto m'mamawa n'kukalisiya kwa achimwene kutsidya kwa msika. Nanga mayi amene matenda a uchembere angamuyambe pa nthawi ya masewero adzatuluka bwanji? Nyumba ikagwira moto, wozimitsa adzalowera pati?

Ukakhala kunja vuto ndi lomwelo. Ndabwezedwapo pachingwe ndikuchokera kumunda ndi matumba a mbatatesi, ndikuloza denga langa ndi chala, n'kuuzidwa kuti ndidikire mpira uthe. Olonda chingwewo sindiwaimba mlandu, alibe chowazindikiritsa kuti uyu ndi wa pompano. Chowawa n'chakuti mkati mwa bairomo muli anyamata amene amatolera ma metikali kwa alendo powaimikitsa pamakomo pathu, ndipo ndalamazo sizifika kukhonsolo, sizifikanso kutimu.

Zimene tikupempha sizofuna simenti kapena thandizo lochokera kunja. Lamlungu malo a sukulu ndi mbali ina ya msika amakhala opanda anthu. Laimu yemwe amalembera mizere ya bwalo angathe kulembanso poimika magalimoto. Anyamata aja muwalembe maina, muwapatse ziphaso ndi malisiti, azilondera magalimoto poyera, ndalama ina izikakonza zimbudzi za pabwalo zomwe nazonso zili ndi nkhani yake. Ife okhala kuno tipatseni kakhadi kosainidwa ndi mlembi wa bairo koonetsa pachingwe. Ndipo kanjira kamodzi, kamodzi kokha, kazisiyidwa kopanda galimoto kuchokera m'bairo mpaka kumsewu waukulu wa kuchipatala. Zonsezi zikalengezedwa pawailesi m'Chinyanja pofika Lachisanu, woyendetsa chapa adzanyamuka kwawo akudziwa kokaima.

Nkhaniyi taikambapo pamisonkhano ya m'bairo, mitu inagwedezedwa, chingwe n'kumangidwabe monga kale. N'chifukwa chake ndalemba poyera. Masewero akubwerawa, bwana, musanapite kukakhala pamthunzi wa alendo olemekezeka, dzadutseni kwathu cha m'ma 2 koloko masana. Galimoto mudzalisiye kuchingwe, mudzayende pansi. Mpando ndidzakuikirani pakhonde, ndipo apongozi anga akufuna kudzakufotokozerani okha.

Ine mwana wanu,
Mlimi wa kuseri kwa bwalo