Anyamata a ma laser, yambani ndi batire musanaphe diode

A Mkonzi,

Ndine wokonza mawailesi ndi mafoni kuno pa Dedza boma. Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi achimwene anga amene akupanga tochi za laser pochotsa diode, kachipangizo kotulutsa kuwala kwa laser, m'ma DVD writer a makompyuta akale. Lusolo sindikulitsutsa. Koma dandaulo lawo ndi limodzimodzi: kuwala kukuphethira, kapena kukuyamba bwino kenako n'kumazirala. Ndipo mankhwala amene akuuzana, oti chotsani dalaivala (kachipangizo kowongolera magetsi opita ku diode) n'kulumikiza diode molunjika ku batire, ndi amene akuwaphera zida.

Diode ya laser imafuna current (kuchuluka kwa magetsi odutsamo) yoyezedwa, yosakwera kapena kutsika. Popanga dalaivala, ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kowongolera magetsi kotchedwa LM317 ndi resistor, ndipo masamu ake ngosavuta: ma volt 1.25 kugawa ndi ma ohm a resistor, ndiye current yake. Mukaika ya ma ohm 10 mupeza ma milliamp 125. Chimene amaiwala n'chakuti LM317 yokha imadya pafupifupi ma volt 3, diode yofiira nayo ikufunanso ma volt ngati 2.5 kapena 3. Batire limodzi la 18650 likadzadza limapereka ma volt 4.2 basi. Nanga zikwana bwanji? Pamafunika awiri olumikizidwa motsatizana. Choipiranso, mabatire ambiri amene tili nawo kuno ngosolola m'ma laptop otha. Pa mita amaonetsa 4.1, koma mukangoyatsa amagwa. Yezani laser ili chiyakire, si batire lili phee patebulo.

Kuphethira kwenikweni nthawi zambiri n'kwa kulumikizana. Gogodani pang'ono thupi la tochiyo. Kuwala kukasintha, fufuzani sipuling'i yachita dzimbiri, swichi yakumbuyo, kapena solda yosagwira bwino, ija yotuwa ngati phulusa. Koma musanawotcherenso, chotsani batire ndipo mutsitse magetsi otsalira mu capacitor, chifukwa kamoto kamodzi kokha kakwana kuipha diode.

Ikawala bwino kwa theka la mphindi kenako n'kuzirala, mukaisiya izizire n'kubwerera mwakale, ndiye kutentha. Diode imafuna kukhala mothina m'chitsulo cha aluminiyamu kapena kopa kuti chizikoka kutenthako. Ena amaikulunga ndi tepi m'kapaipi ka pulasitiki, ndiye mukuyembekezera chiyani?

Ma laser obiriwira ogula pamsika ali ndi khalidwe lawo. Mkati muli diode ya infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) ya 808 nm (nm ndi muyezo wa mtundu wa kuwala) imene imawomba timiyala tiwiri, ndipo timiyalato ndi timene timatulutsa kuwala kobiriwira kwa 532 nm. Timiyalati sitigwirizana ndi kuzizira, ndiye ku Dedza kuno mu Juni ndi Julaye musadabwe ikamaphethira m'mamawa. Iikeni m'thumba la buluku itenthedwe pang'ono. Apa ndiye pondidetsa nkhawa: otchipa ambiri alibe sefa yotchinga infrared. Chobiriwiracho chikazirala, kuwala kosaonekako kumakhala kukutulukabe, ndipo mnyamata amasuzumira kutsogolo kuti aone chavuta n'chiyani. Musatero, chonde. Laser yolozera pa bolodi imene amati njosaopsa kwambiri siidutsa mphamvu ya milliwatt imodzi (1 mW), chifukwa diso limaphethira lisanapse. Ya mu DVD writer imatha kufika 200 mW kapena kupitirira, ndipo imawotcha mkati mwa diso munthu asanaphethire n'komwe. Ngakhale kuwala kobwerera kuchokera pa galasi kapena pa malata atsopano n'koopsa. Magalasi adzuwa sateteza. Pamafunika magalasi opangidwira mtundu wa kuwalako. Ndipo amene mumaloza laser oyendetsa galimoto pa msewu wa M1 usiku, lekani, si masewera.

Ikafika poti ikungowala mofooka, kuwalako n'kumwazika ngati kwa LED ngakhale batire n'labwino, yafa. Timagalasi ta mkati mwake tapsa ndipo palibe mmisiri angaidzutse. Musanaike ina, yesani dalaivala kaye: lumikizani ma diode wamba a 1N4007 anayi ndi resistor ya ohm imodzi m'malo mwa laser, kenako yezani ma millivolt pa resistor ija. Nambala imene mwawerenga ndiyo ma milliamp amene diode yatsopanoyo ikalandire.

Wokonza mawailesi,
Dedza boma