Lipoti la msonkhano wounikirana mawebusaiti womwe unachitikira ku Lilongwe

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu loperekeza alendo ku Chongoni,

Monga munandituma, Loweruka lapitali ndinakayimira gulu lathu pa msonkhano wa magulu ang'onoang'ono omwe ali ndi mawebusaiti, pomwe gulu lililonse linkaonetsa ntchito yake kuti anzake aiunike. Ndivomere poyambirira kuti ndinachoka pa Dedza boma ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti tikangolandira mayamiko.

Mayamikowo analipodi pa zomwe tinalemba, chifukwa ambiri sankadziwa kuti dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, ndiponso kuti bungwe la UNESCO linaliyika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006. Mavuto anayamba atafika pa tsamba loyamba. Mukukumbukira kuti tinasankha zilembo zofiira pamwamba pa chithunzi cha thanthwe, pofuna kufanizira utoto wa zojambula za Akafula. Mnyamata wina ananditengera pakhonde pomwe pankawomba dzuwa, nandipatsa foni yake kuti ndiwerenge mitengo yoperekezera alendo ku Mphunzi, ndipo ndinalephera, ngakhale kuti mitengoyo ndinalemba ndine. Atatero anafotokoza kuti malangizo a WCAG, othandiza kuti mawebusaiti azitha kugwiritsidwa ntchito ndi aliyense kuphatikizapo anthu aulumali, omwe amakonzedwa ndi bungwe loona za mawebusaiti la W3C, amafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pomwe zakhala kukhale 4.5:1 kapena kuposerapo, pomwe pa zilembo zikuluzikulu 3:1 ndi yokwanira. Atayeza zathu zinapezeka kuti sizikufika pa mlingowu.

Chomwe chinandikhudza koposa ndi zomwe anachita mayi wina yemwe ali ndi ulumali wosaona. Iwo anatsegula webusaiti yathu pogwiritsa ntchito TalkBack, pulogalamu ya m'mafoni a Android yomwe imawerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, ndipo chipinda chonse chinakhala chete kumvetsera pamene ankasesereza chala. Mbiri ya gulu inawerengedwa bwinobwino, koma atafika pa zithunzi za ku Chentcherere ndi ku Namzeze foniyo inkangotchula kuti pali chithunzi, kenako chithunzi china, osanena za chiyani. Batani lotiimbira foni nalonso linalibe dzina, kotero mayiwo sakanadziwa kuti ndi pomwe angatipezere. Anandiuza mwaulemu kuti amva zoti tili ndi zithunzi zambiri, koma sitinawauze chomwe chili m'menemo. Mankhwala ake ndi kulemba chiganizo chachifupi kuseri kwa chithunzi chilichonse, chomwe akatswiri amachitcha alt text. Pano ndikupempha kuti tisamale, pakuti zina mwa zojambula zoyera zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu, choncho tilembe zokhazo zomwe maso akuona, ndipo pomwe tikukayika tifunse kaye kwa mafumu ndi anamkungwi.

Ena anadandaula kuti zithunzi tinaziyika momwe zinachokera mu kamera, moti zimachedwa kutseguka ndipo zimadya bandulo. Anatikumbutsanso kuti kanema wathu alibe mawu olembedwa pansi, zomwe zinandichititsa manyazi pokumbukira kuti sukulu ya ana osamva ya ku Mua ili m'boma mwathu momwemuno. Wotsogolera zokambirana anawonjeza kuti dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchulanso njira zofalitsira mauthenga monga intaneti.

Sizonse zomwe ndinavomera. Bambo wina anati tichotse Chichewa tisiye Chingerezi chokha, poti alendo olipira bwino ndi ochokera kunja. Ndinawayankha kuti aphunzitsi a m'sukulu za kwathu kuno amabweranso ndi ana kudzaona zojambulazi, ndipo zojambulazo n'za makolo a anawo, choncho zinenero zonse ziwiri zikhala. Wina anafuna kuti tisinthe mtundu wonse ukhale wobiriwira, koma nditamufunsa chomwe chofiiracho chikulepheretsa kupatula pa zilembo, anavomera kuti n'kukonda kwake chabe. Maganizo anga ndi akuti ndemanga yosonyeza kuti munthu walephera kuwerenga, kumva kapena kutipeza tiitsatire mosazengereza, pomwe yongonena za kukongola tingathe kuithokoza n'kuisiya.

Ndinalonjeza kuti tiwayankha onse polemba pasanathe masabata awiri, kutchula chomwe takonza ndi chomwe tasiya pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo mayi aja avomera kudzayesanso webusaitiyo tikamaliza. Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wa Lachitatu isankhe anthu awiri olemba mawu a zithunzi, ivomereze zilembo zakuda pa malo oyera, ndiponso ipatule ndalama ya bandulo ya ntchitoyi. Ndalama yotsala ya ulendo ndaipereka kwa msungichuma pamodzi ndi malisiti.