Inu a galaja ya ku Luwinga, bwezani K640,000 yanga ndi mashoko a MGB

Bwana mwini galaja, ndalemba pano chifukwa foni yanga simukuyankha, pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala duu. Dzina la galaja sinditchula lero koma inuyo mukudzidziwa.

Galimoto ndinabweretsa kwanu ija ndi MGB ya 1972, galimoto yakale ya ku England, anandisiyira malemu bambo anga, a ku Katoto amaidziwa yofiira ija. Kutsogolo kunayamba kugogoda ndikangoponda kadzenje, chiwongolero n'kumanjenjemera m'manja, ndiye chakumapeto kwa Juni kaya kumayambiriro kwa Julayi, nthawi yozizira ija, ndinabwera n'kukuuzani kuti ndikufuna mabushi a polyurethane (pulasitiki yolimba) m'malo mwa a labala otha aja, ma kingpin (zitsulo zomwe matayala akutsogolo amatembenukirapo pokhota) atsopano ndi masipiring'i. Ndinakuuzaninso ndi pakamwa pangapa kuti iyi si Corolla, shoko yake yakutsogolo ndi ya mkono, ya Armstrong, imathiridwa mafuta ndipo mkono wa shokoyo ndi omwenso umagwira tayala chakumtunda, ndiye mungoitsuka ndi kuithira mafuta basi, musaitaye. Munagwedeza mutu nkumati mukuzidziwa, katundu achokera ku Johannesburg masabata atatu okha. Ndinatumiza K640,000 pa Airtel Money, meseji ilipo, kuphatikiza K85,000 yokokera galimoto kuchoka kunyumba.

Masabata atatu aja anasanduka miyezi, ndinapirira. Koma zomwe zandipweteka mtima ndi za tsiku lija mnyamata wanu anandiimbira kuti katundu wafika bwerani. Ndinapempha kuntchito, ndinakwera kabaza mvula ikuwaza, kufika pamalopo ndikupeza galimoto ya bambo anga ili panja pa njerwa, matayala akutsogolo atazula, tenti yapamwamba yosatseka, madzi ali thapwi pamipando. Manati onse mitu yatha kubulungira chifukwa makaniko wanu amakakamiza sipanala ya mamilimita pomwe magalimoto a ku England a nthawi imeneyo mabawuti ake ndi a mainchi. M'katoni yomwe amati yachokera ku Joni munali mashoko aatali wamba, ngati a minibasi, oti pa MGB alibe pomangira popanda zitsulo zake zapadera. Mabushi kulibe, kingpin kulibe.

Nditafunsa mwaulemu, mnyamata wa pakauntala uja osadzuka n'komwe, tchipisi kukamwa, maso pa foni, akuti "madala chigalimoto ichi n'chakumanda, kagulitseni kwa ogula zitsulo mugule Sienta ngati anzanu." Anzake n'kumaseka. Ine bambo wa ana akuluakulu, nditanyowa, ndalama zanga zili m'thumba mwanu, mwana woti ndingamubereke kundilankhula chonchi? Ndinabwerera kunyumba manja akunjenjemera, mayi akunyumba anachita kundifunsa ngati ndadwala.

Abale anga a mu Mzuzu muno tandiuzani, ndalakwa chani ine? Kukonda galimoto yomwe bambo anga ankatitengera ku Nkhata Bay tili ana ndi mlandu?

Ndipo mashoko anga akale aja ali kuti? Pansi pa galimoto sindinawaone, nditafunsa aliyense amaloza mnzake. MGB anasiya kupanga mu 1980, zinthu zimenezi sungazitole pamsika wa Mzuzu ngati mabuleki a Sienta, ndipo zija zinali zoti zikonzedwa n'kugwiranso ntchito zaka zambiri.

Ndiye mvetserani bwana. Ndikufuna K640,000 yanga yonse, osati pang'onopang'ono, mashoko anga awiri, mabawuti munawononga aja mugule ena, ndipo K85,000 yokokera galimoto kubwerera ku Katoto mulipira ndinu. Mnyamata uja apepese pamaso panga. Likafika Lachisanu 12 koloko musanandiimbire, ndikukadandaula ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, za mashoko osowawo ndikukanena kupolisi, ndipo dzina la galaja, zithunzi za galimoto ili pa njerwa ndi meseji ya ndalama ndiziika pompano pa Facebook aliyense aone.