Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: ndani amayesa anthu opereka uphungu?

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni kuchokera kuno ku Zomba. Malonje ndifupikitsa, chifukwa makalata amene ndinalembera maofesi apansi anathera m'madirowa, ndipo ndatopa n'kuuzidwa kuti abwana apita kumsonkhano. Funso langa ndi ili: munthu akapachika setifiketi pakhoma n'kumati ndi wopereka uphungu wa maganizo, ndani anamuonapo ali ndi wodwala n'kuvomereza kuti ntchitoyo akuitha?

Mwana wa achemwali anga anataya khanda lake loyamba. Maliro atatha anasiya kudya, kusamba ndi kugona, ankangokhala pakhonde atafumbata kathewera. Tinapita naye kwa mayi wina amene ali ndi kaofesi m'tauni muno, masetifiketi ali ndandanda m'mafelemu. Mayiyo analankhula yekha kuyambira polowa mpaka potuluka. Akuti limba mtima, ukadali wamng'ono, udzabala wina. Mtsikanayo atalimbadi mtima n'kuulula kuti nthawi zina amaganiza zodzipha, anamukalipira kuti limenelo ndi tchimo komanso mlandu wa kupolisi. Sanamufunse kuti maganizowo anayamba liti. Sanatiitane ife amene tinali pabenchi panja kuti tichotse mankhwala a m'munda m'nyumba. Sanalembe ngakhale kakalata kotitumiza ku Zomba Mental, chipatala chimene chili m'tauni momwemuno. Lamlungu lotsatira, amayi akumpingo anali atamva zonse zimene mwanayo ananena chitseko chili chotseka. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa, ndipo panapita miyezi kuti avomere kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo amene anamuthandizadi. Pambuyo pake tinamva kuti maphunziro onse a mayi uja anali mawekishopu a sabata imodziimodzi. Sindimuda. Anamupatsa pepala, namuuza kuti wakhoza.

Ndikudziwa, a Nduna, kuti maphunziro enieni alipo. Koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa uphungu ndi chisamaliro cha odwala maganizo. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi konkuno ku Zomba, University of Malawi ili ndi dipatimenti ya psychology, Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) imasula madokotala. Dokotala amalembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council. Koma mayi wa ku Jali kapena ku Mayaka akaona mapepala awiri pakhoma, lina la zaka zingapo zakukoleji, lina la masiku asanu kuhotela, adziwa bwanji kusiyana kwake?

Zina ndingozitchula mwachangu. Namondwe wa Freddy atawononga mu 2023, m'misasa munali achinyamata ofunitsitsa kuthandiza koma ophunzitsidwa mothamanga, akukumana ndi anthu amene anataya mabanja athunthu. Amene anaphunzira uphungu wa poyeza magazi amapezeka akusenzetsedwa nkhani za nkhanza za m'banja ndi za kudzipha. Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, pamene odwala a kuno amalira m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe.

Musandimve ngati ndikunyoza maphunziro afupiafupi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa azigogo kukhala pabenchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, pulogalamu ya Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ankapezadi bwino. Koma azigogo aja sanasiyidwe okha. Anali ndi owayang'anira, ndipo ankadziwa kuti nkhani ikafika poti moyo uli pachiswe aipereke kwa achipatala.

Malonjezo ndiye tamva ambiri. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala tikuperewera. Lamulo la atsamunda la 1948 lokhudza odwala maganizo tinakhala nalo zaka zoposa 70. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, timavala matisheti, n'kuguba, n'kumva zokamba zokoma, kenako zii mpaka chaka chamawa. Pepani ngati mawu akulemera, koma apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha, ife timaganiza za ana athu.

Tsono pempho langa nali. Lamulani kuti pasapezeke wolandira setifiketi ya uphungu asanagwire ntchito pansi pa katswiri amene wamuona ndi maso akucheza ndi odwala, m'chilankhulo cha odwalawo, n'kumuyesa pa kumvetsera, kusunga chinsinsi ndi kuzindikira nthawi yotumiza munthu kuchipatala. Mayina a ovomerezeka apachikidwe pachipatala chaching'ono chilichonse, pamodzi ndi nambala ya foni imene munthu wochitidwa ngati mwana wathu angakadandauleko. Amene ali kale pantchito ndi mapepala a wekishopu musawathamangitse, chifukwa tikuwafuna. Aitaneni ayesedwe, ndipo operewera aphunzitsidwenso. Yankho lanu liperekeni poyera, ndipo mutchule mwezi umene zimenezi zidzayambe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Chinamwali, Zomba