Palibe kompyuta yomwe yapeza tsiku lophulika Betelgeuse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa uthenga womwe ukuzungulira pa WhatsApp, wakuti makompyuta a asayansi apeza tsiku lomwe Betelgeuse, nyenyezi yofiira ija ya m'gulu la Orion, idzaphulike. Ine ndinaphunzitsa fizikisi kusekondale mpaka kupuma, ndipo ndikunenetsa kuti limeneli ndi bodza. Manong'onong'o otere anakula pomwe nyenyeziyi inazilala kumapeto kwa 2019, koma kenako zinadziwika kuti inaphimbidwa ndi fumbi lochokera mu mpweya womwe inalavula yokha.

Chomwe chimayatsa nyenyezi si chinsinsi. Wasayansi Hans Bethe analongosola mu 1939 momwe haidrojeni amalumikizirana n'kusanduka heliamu, mphamvu n'kutuluka. Nyenyezi yolemera ikamaliza haidrojeni pakati pake imayamba kuotcha heliamu, kenako kaboni, mpaka pakatipo patsale chitsulo chokhachokha. Pamenepo imadzigwera n'kuphulika.

Povuta poneneratu za tsiku lophulika ndi pa kubwata kwa mpweya wa m'kati mwa nyenyezi. Mpweya wotentha umakwera, wozizira n'kumatsika, ngati phala pamoto. M'nyenyezi yolemera, kubwataku ndi komwe kumakokera haidrojeni watsopano pakati pomwe pakuyaka, ndiye kukafika patali nyenyezi imakhalitsa, kukalekera pafupi imafa msanga. Tsono pulogalamu ya pakompyuta yowerengera moyo wa nyenyezi ngati MESA, yomwe Bill Paxton anayambitsa ku Santa Barbara ku America, singatsatire kabwatidwe konseko kwa zaka mamiliyoni, kompyuta yake ikhale yamphamvu chotani. Imadalira njira yachidule yomwe wasayansi Erika Böhm-Vitense analemba mu 1958. M'njirayi muli nambala yoimira mtunda womwe mpweya wokwera umayenda usanasakanikirane ndi unzake. Nambalayo sichokera m'malamulo a chilengedwe ayi. Asayansi amaisinthasintha mpaka kompyuta itulutse nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu kukula ndi kuwala, kenako n'kuibwereka pa nyenyezi zina. Koma Betelgeuse ndi chimphona, m'mimba mwake mumaposa dzuwa kambirimbiri, ndiye nambala yobwerekayo singaikwane ndendende.

N'chifukwa chake ofufuza ambiri amangonena kuti idzaphulika m'zaka pafupifupi 100,000 zikubwerazi, osatchula chaka, nanji tsiku. Chonde, atolankhani anu akamalemba za nyenyezi, azifunsa kaye kuti kubwata anakuwerengera motani.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba