Zaka 11 pa ntchito, koma pa pepala ndine wa miyezi itatu

Bambo Mlangizi,

Ndine bambo wa zaka 47, wa ana atatu, ndipo ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Ndinabadwira konkuno. Malemu bambo anga ndiwo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya.

Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yopanga mipando ku Graniteside. Chaka chino ndi cha 11, koma pa pepala ndine munthu wa miyezi itatu basi. Kontirakiti ikatha amatiuza kuti tikapume kaye sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka n'kutiitana kudzasaina ina ngati alendo. Anzathu olembedwa ntchito yokhazikika timagwira nawo makina omwewo, fumbi la matabwa timameza limodzi, koma iwo gawo lalikulu la malipiro amalandira m'madola a ku America, pamene ife yambiri imabwera mu ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe. Mwini nyumba yomwe ndimachita lendi safuna n'kumva komwe za ZiG. Mu Seputembala 2024, boma litatsitsa mphamvu ya ndalamayi ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi, malipiro anga anafota ndili chiimire pa makina. Anzangawo anangoimva ngati nkhani ya pa wailesi.

Pali mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kucheka matabwa. Patangotha chaka anamulemba yokhazikika, poti ndi mphwake wa foromani. Mwanayo sindimuda ayi, ndi waulemu, mpaka lero amanditchula kuti sekuru, kutanthauza malume kapena agogo m'Chishona.

Zonsezi ndakhala ndikupirira. Chandilembetsa kalatayi ndi ndalama ya penshoni. Mwezi uliwonse amandidula ya NSSA, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni, ndipo pa pepala la malipiro zimaoneka bwinobwino. Mwezi watha ndinapita kukafunsa, n'kupeza kuti m'mabuku mwawo muli zaka zinayi zokha. Nanga ya zaka 7 zinazo abwana ankaipititsa kuti? Usiku umenewo tulo sindinatione, ndinkangoganiza za bambo anga. Iwo anagwira ntchito moyo wawo wonse, koma kukwera mitengo kwa mu 2008 kunadya kapenshoni kawo mpaka sikankagula ngakhale buledi mmodzi. Anamwalira akulakalaka kukaponda ku Dedza, ya basi itasowa.

Mnzanga wina wa m'bungwe la ogwira ntchito akuti malamulo salola kuti munthu azingosainitsidwa makontirakiti mpaka kalekale, ndipo akundiuza kuti ndikadandaule ku NEC, khonsolo ya olemba ndi olembedwa ntchito yoona za ntchito yathuyi. Zomveka. Koma chaka chatha mkulu wina anangofunsa za ovataimu, ndipo kontirakiti yake itatha sanamuitanenso. Sanamuchotse ntchito, anangosiya kumuimbira foni. Pano akukankha ngolo ku msika wa Mbare Musika. Komanso ine ndikangokweza mawu pang'ono, pamapezeka wina wondikumbutsa kuti ndine "bwidi" (dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi), ndizipita kwathu, chonsecho kwathuko ndinangopitako kamodzi, ku maliro.

Mayi a kunyumba akuti ndikhale chete, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindingawatsutse, chifukwa mwana wathu woyamba akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino ndipo fizi ikuchokera m'thumba lomweli. Anzanga asanu amavomereza zonse tikamakambirana pa nkhomaliro, koma ndikatulutsa pepala kuti tisaine mayina, aliyense amakumbukira kuti ali ndi kopita.

Tandithandizani, bambo. Kodi ndiyambe ndi nkhani ya NSSA yokha, ya kontirakitiyo ndiisiye kaye? Kodi pali njira yodandaulira popanda dzina langa kufika kwa abwana? Nanga ndikapita ndekha, osandiitananso, zaka 11 zija zingawerengedwe? Mapepala a malipiro ndi makontirakiti onse ndinasunga, ali m'chikwama pansi pa bedi. Kontirakiti yomwe ndili nayoyi ikutha kumapeto kwa mwezi wa mawa.

Ine wothedwa nzeru,
Mufakose, Harare