Lipoti la msonkhano wophunzitsa kutsimikiza nkhani

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Ndabwerako kumsonkhano kuja munandituma. Kwa amene ankadandaula za alawansi, malisiti onse ali kwa a msungichuma, ndipo ndalamayo sinapite pachabe.

Gawo loyamba linali la malonje ndi mbiri ya mabungwe otsimikiza nkhani ngati Africa Check, lomwe linayamba ku Johannesburg mu 2012. Izo muwerenga m'mapepala amene ndabweretsa.

Chimene chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa mu 2017 wa Sam Wineburg ndi Sarah McGrew a ku yunivesite ya Stanford. Iwo anaonetsa mawebusayiti omwewo kwa akatswiri a mbiri yakale, ophunzira, ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani. Ambiri mwa akatswiri ndi ophunzira aja ankakhazikika pa tsambalo, n'kumakopeka ndi maonekedwe ake ndi zimene eni ake adzilembera. Otsimikiza nkhani ankachokapo msanga n'kukafufuza kwina kuti mwini tsambayo ndani, amamulipira ndani, ndipo ena amati chiyani za iye. Iwowa ndiwo ankafika pa zoona, mwachangunso.

Pa zithunzi tinachita kuyesa tokha. Ukaika chithunzi mu Google Lens kapena TinEye, zomwe ndi zida za pa intaneti zofufuzira zithunzi, umaona kumene chinaonekapo kale, ndipo chithunzi cha "ngozi ya dzulo" chimapezeka kuti n'chakalekale, cha dziko linanso. Tsamba la pa intaneti likasinthidwa kapena kufufutidwa, nthawi zambiri webusayiti yosunga masamba yotchedwa Wayback Machine imakhala itasunga lakale.

Pamenepa ndisabise. Uthenga wonama wa ntchito uja unalowa pagulu lathu la WhatsApp kudzera mwa mmodzi wa akomiti, uli ndi mivi iwiri yosonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri. Nditafunsa komwe wachokera ndinauzidwa kuti ndilibe ulemu. Anzathu ena anatumiza ndalama, ndipo mpaka lero komiti sinakambepo.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse lisankhe munthu mmodzi wotsimikiza mauthenga. Ine sindikugwirizana nazo. Munthuyo akadwala kapena foni yake ikafa, titani? Nanga adzalimba mtima kutsutsa uthenga wa a Wapampando? Ndibwino tonse tiphunzire, ndipo aliyense wotumiza nkhani azitchula gwero lake.

Za malamulo a zofalitsa nkhani zinakambidwa mothamanga madzulo, anthu atatopa.

Ndikupempha a Mlembi aike mfundo ziwiri pa ndondomeko ya msonkhano wotsatira: tsiku loti ndikuonetseni njirazi pa mafoni anu, ndi nkhani ya anzathu amene anaberedwa aja.